Mawu olumikiza maganizo m'Chingerezi: chifukwa chake "although" sayenda ndi "but"

Mayeso a Fomu 4 akamayandikira, m'makope ndi m'mafoni a ophunzira mumazungulira ndandanda ya mawu a Chingerezi oti aloweze: "moreover", "furthermore", "nevertheless", "consequently" ndi ena otero. Amene akukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito kapena kukaphunzira kunja nawonso amakhala ndi ndandanda yawo, mwinanso yaitali kuposa ya ana a sukulu. Chiyembekezo chimakhala chakuti ukamwaza mawuwa m'chimangirizo, wochonga aona kuti Chingerezi umachitha. Ndiye zimasokoneza mutu pepala likabwera lili ndi mizere yofiira pansi pa mawu omwe aja amene munthu anachezera usiku kuloweza.

Nkhaniyi ili ndi pogwira. Pa MSCE, wolephera Chingerezi satenga satifiketi ngakhale maphunziro ena akhoze bwino chotani. Namwino wofuna kulembetsa ku bungwe la Nursing and Midwifery Council ku Britain kudzera pa IELTS amafunika kupeza malikisi 7 pa kumva, kuwerenga ndi kulankhula, komanso 6.5 pa kulemba. Pochonga gawo la kulembalo amayang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana, ndipo chimodzi mwa izo ndi mmene wolemba wasanjira ndi kulumikizira maganizo ake. M'ndondomeko yochongera yomwe eni mayesowo amafalitsa, kuchulutsa mawu olumikiza kuli m'gulu la zolakwa, pamodzi ndi kuwachepetsa komanso kuwaika posayenera. Ndandanda yoloweza ija ingathe kumukweza munthu, ingathenso kumugwetsa.

## Kodi mawu amenewa ndi otani?

Amene tinaphunzira malamulo a Chichewa ku pulayimale tikukumbukira mlumikizi: mawu monga ndi, koma, kapena, chifukwa, ngakhale. Aphunzitsi a Chingerezi akamanena za "linking words" amatanthauza gulu lotambalala kuposa pamenepo. Muli alumikizi enieni, muli aonjezi, muli aperekezi, mulinso timagulu ta mawu monga "as a result" ndi "on the other hand". Chimene chimawaika m'khola limodzi ndi ntchito yawo: kuuza wowerenga ubale wa ganizo lomwe wangowerenga ndi lomwe likubwera.

Ali ngati indiketa ya galimoto. Indiketa siyendetsa galimoto, ingochenjeza wa pambuyo kuti tikukhotera uku. Wowerenga akaona "however" amadziwa kuti nkhani ikutembenuka, akaona "therefore" amayembekezera zotsatira za zomwe wamva kale. Dalaivala wa minibasi woyatsa indiketa ya kumanzere n'kukhotera kumanja ndi woopsa kuposa amene sanayatse n'komwe, ndipo wolemba "therefore" pomwe palibe chotsatira chilichonse wachita zomwezo.

M'chaka cha 1976, akatswiri a ziyankhulo awiri, Michael Halliday ndi Ruqaiya Hasan, anagawa maubale amenewa m'magulu anayi, ndipo mabuku ambiri ophunzitsira amayendabe m'mapazi awo. Pali kuwonjezera, komwe ife timati ndiponso kapena komanso. Pali kutsutsa kapena kusiyanitsa, kwathu koma ndi ngakhale. Pali chifukwa ndi zotsatira zake, kwathu popeza, choncho, motero. Pomaliza pali nthawi: kenako, pambuyo pake, pamene. Palibe chachilendo apa. Agogo osapita kusukulu amagwiritsa ntchito maubale onse anayi pokamba mlandu pabwalo. Chovuta chili pa malamulo omwe liwu lililonse la Chingerezi limabwera nawo.

## Tanthauzo limodzi, kamangidwe kanayi

Titenge maganizo awiri: mvula inachedwa, alimi anakolola chimanga chokwanira. Awiriwa akutsutsana, chifukwa mvula ikachedwa timayembekezera njala. Nazi njira zinayi zonenera zimenezi m'Chingerezi.

"The rains came late, but the farmers harvested enough maize."

"Although the rains came late, the farmers harvested enough maize."

"The rains came late. However, the farmers harvested enough maize."

"Despite the late rains, the farmers harvested enough maize."

Uthenga ndi umodzi, koma taonani mmene ziganizo zamangidwira. "But" amaima pakati pa nthambi ziwiri za chiganizo zofanana mphamvu, iliyonse yotha kuima payokha, ndipo mpatuliro umabwera iye asanafike. Anzake a gulu lomweli alipo 7 onse pamodzi: "for", "and", "nor", "but", "or", "yet" ndi "so". Aphunzitsi ena amatenga zilembo zoyamba za mawuwa n'kupanga liwu loti FANBOYS kuti ana asaiwale.

"Although" ndi wa mtundu wina. Akakhala kutsogolo kwa nthambi, nthambiyo imasanduka yosaima payokha, imadikira inzake kuti chiganizo chithe. Wolemba "Although the rains came late." n'kuika mpumiro wasiya wowerenga m'malere, monga momwe mungamvere wina atati "Ngakhale mvula inachedwa" n'kukhala chete. "Because", "since", "while", "if", "unless" ndi "when" onse ali m'gulu limeneli. Ubwino wawo ndi wakuti nthambi yawo ingathe kukhala koyamba kapena kumapeto. Ikakhala koyamba, mpatuliro umaitsatira.

"However" ndiye amagwetsa ambiri, ngakhale olemba makalata a m'maofesi. Tanthauzo lake likufanana ndi la "but", koma iye ndi muonjezi, alibe mphamvu yomanga ziganizo ziwiri kukhala chimodzi. Choncho "The rains came late, however the farmers harvested enough maize" n'cholakwika m'Chingerezi cholemba. Pamafunika mpumiro "however" asanafike, kapena chizindikiro chija cha dontho lokhala pamwamba pa mpatuliro chomwe amati semicolon. Umboni woti si mlumikizi ndi wakuti amatha kusuntha: "The farmers, however, harvested enough maize." Yesani kusuntha "but" chonchi muone ngati zimveke. "Therefore", "moreover", "consequently" ndi "nevertheless", mawu omwe amadzaza ndandanda zoloweza zija, onse amatsata lamulo la "however".

"Despite" ndi mperekezi, ndiye chomutsatira chimayenera kukhala dzina kapena mneni wothera ndi "-ing", osati nthambi yathunthu. "Despite the rains came late" sizitheka. Mnzake ndi "in spite of", ndipo poti awiriwa amakhala pafupi m'mutu, anthu amawasakaniza n'kubala "despite of", yemwe m'Chingerezi cha masiku ano kulibe.

Ndandanda zambiri zimaika mawu anayiwa pamzere umodzi pansi pa mutu woti kusiyanitsa, ngati kuti ungachotse lina n'kuikapo lina osasintha kanthu. Mizere yofiira yambiri imachokera pamenepo.

## Pomwe Chichewa chimatitsogolera ndi pomwe chimatisocheretsa

Tikamalankhula timati, "Ngakhale anadwala, koma anapita kumunda." Palibe amene amaona cholakwika, ndipo koma ujayo amathandiza kutsindika. Timatinso, "Popeza kunalibe minibasi, ndiye tinayenda wapansi." Chichewa chimalola kuika chizindikiro mbali zonse ziwiri za chiganizo. Chingerezi chimafuna chimodzi basi. "Although he was sick, but he went to the garden" n'cholakwika, chimodzimodzinso "Since there was no minibus, so we walked". Muchotse limodzi, lililonse mwa awiriwo, chiganizo chilongosoka. Mwana wolemba "although ... but" samasowa nzeru ayi. Akutsata bwinobwino lamulo la chiyankhulo chake, kungoti walitengera pabwalo la eni ake pomwe siligwira ntchito. Ndimaona kuti mphunzitsi akamuuza zimenezi mwachindunji, mwana amasiya msanga kuposa akamangomudulira mzere wofiira.

Pena Chichewa chimatipatsa mwayi. Kusiyana kwa "because" ndi "because of" kumazunguza ophunzira a m'mayiko ambiri, koma ife tili nako kale. Timati "Sanabwere chifukwa mvula inagwa", timatinso "Sanabwere chifukwa cha mvula". Chifukwa amatsatidwa ndi nthambi yokhala ndi mneni, chifukwa cha amatsatidwa ndi dzina. Kachidutswa kaja "cha" ndiye "of" wa Chingerezi. Amene wagwira zimenezi wagwiranso "due to" ndi "owing to", omwe amafuna dzina monga "because of". "While" nayenso amayenda ngati pomwe wathu: amanena za nthawi, monga "while I was cooking", amasiyanitsanso anthu kapena zinthu, monga tikamati mkulu wake ndi wamtali pomwe iye ndi wamfupi.

Kusiyana kwakukulu kwa ziyankhulo ziwirizi kuli poti Chichewa chimabisa zolumikizira zambiri m'kati mwa mneni. Tamvani: "Atafika anapereka moni, asanakhale pansi anavula chipewa, n'kutenga mpando n'kuyamba kufotokoza." M'chiganizo chonsechi mulibe mlumikizi woima payekha, koma ndondomeko ya zochitika ikumveka bwino. Kachidutswa ka -ta- mu atafika kakunena zomwe Chingerezi chimanena ndi "when" kapena "after". Ka -sana- mu asanakhale ndi "before". N'ku- amatenga nkhani n'kuipititsa patsogolo. Chingerezi chilibe zida zotere m'mneni wake, chimadalira mawu apadera oikidwa kutsogolo kwa nthambi. N'chifukwa chake woganiza m'Chichewa akamalemba nkhani m'Chingerezi amangoti "and then ... and then ... and then", kufunafuna cholowa m'malo mwa n'ku-. Mankhwala ake ndi kufunsa chomwe mneni wa Chichewa uja anabisa: ngati ndi atafika, lembani "after he arrived" kapena "on arriving", ngati ndi akuyenda, lembani "as he walked".

Kachidutswa ka -ka- kali ndi msampha wakewake. "Ukafika undiimbire" angatanthauze kuti kufikako n'kotsimikizika, angatanthauzenso kuti mwina ufika mwina ayi, ndipo womva amazindikira yekha malinga ndi nkhani. Chingerezi chimakukakamiza kusankha. "When you arrive, call me" akutsimikiza kuti ufika. "If you arrive, call me" akukayika. Wolembera bwana kuti "If you come back from Lilongwe" pomwe amafuna kunena "when" wanena mosadziwa kuti mwina bwanayo sabwerako. Onaninso kuti pambuyo pa "when" ndi "if" wonena za m'tsogolo saikapo "will": ndi "when you arrive", osati "when you will arrive".

Ngakhale wathu mmodzi yemweyo Chingerezi chimamugawa pawiri. "Ngakhale mvula inagwa, ndinapita" ikunena zomwe zinachitikadi, ndiye ndi "even though it rained". "Ngakhale mvula igwe, ndipita" ikunena zongoyerekeza, ndiye ndi "even if it rains". Ife timasiyanitsa posintha mneni, iwo amasintha mlumikizi. Ndipo "even" payekha sangalumikize nthambi: "Even it rains, I will go" n'choperewera.

Za pokhapokha n'zachidule. "Sindipita pokhapokha undiperekeze" ndi "I will not go unless you come with me". "Unless" ali kale ndi kukana m'kati mwake, ndiye wowonjezera "don't" pambuyo pake watembenuza tanthauzo lonse.

## Ofanana nkhope, osiyana ntchito

Alipo mawu angapo omwe amaoneka ngati mapasa koma sagwira ntchito imodzi. "So" ndi "so that" ndi chitsanzo chabwino. "Anagulitsa mbuzi kuti alipire fizi" ikunena cholinga, ndipo sitikudziwa ngati fiziyo inalipidwa: "He sold a goat so that he could pay the fees." "Anagulitsa mbuzi, choncho analipira fizi" ikunena zomwe zinatsatira: "He sold a goat, so he paid the fees."

"On the other hand" amabweretsa mbali ina ya nkhani popanda kukana yoyamba. Feteleza amachulukitsa zokolola, komano mbali inayi ndi wodula: zonse ziwiri n'zoona, ndipo apa mpoyenera "on the other hand". "On the contrary" amakana zomwe zanenedwa n'kuika zosemphana nazo, monga munthu akamati, "Ayi, si wotchipa, n'ngodula zedi": "It is not cheap. On the contrary, it is very expensive." Ophunzira amakonda "on the contrary" poti amamveka wapamwamba, n'kumuika pomwe sakutsutsa aliyense.

"At last" si mnzake wa "firstly" ndi "secondly". Amanenedwa ndi munthu amene wadikira mpaka kutopa, monga basi ikatulukira patapita maola atatu. Mfundo yomaliza m'chimangirizo imayamba ndi "lastly" kapena "finally". Wolemba "At last, deforestation causes floods" akumveka ngati wakhala akulakalaka madzi osefukira.

"Since" ali ndi matanthauzo awiri, kuyambira ndi popeza, ndipo nthawi zina chiganizo chimamveka mbali zonse ziwiri. Pomwe pangakhale chisokonezo ndi bwino kungolemba "because". Nanga "otherwise"? Pocheza timamumva ngati moni, wina n'kungoti "Otherwise?" pofuna kudziwa za moyo. Pakamwa palibe vuto, ndi Chingerezi chathu cha kuno. Polemba, tanthauzo lake ndi apo ayi kapena kupanda kutero: "Water the seedlings, otherwise they will dry up."

Pali lamulo lina lomwe ambiri tinakula nalo, loti chiganizo sichiyamba ndi "and", "but" kapena "because". Olemba nyuzipepala ndi mabuku a Chingerezi amayamba ziganizo ndi "but" tsiku ndi tsiku, ndipo "Because the bridge was washed away, the lorry turned back" n'chiganizo chabwinobwino. Aphunzitsi amaletsa poopa ziganizo zoduka monga "Because the bridge was washed away." chokhachokha. Pamayeso ndi nzeru kudziwa chomwe mphunzitsi wanu amafuna, koma mukakumana ndi "But" koyambirira kwa chiganizo m'buku musaganize kuti wolembayo sanapite kusukulu.

## Nanga achuluke bwanji?

Apa aphunzitsi amasiyana maganizo. Ena amati mwana amene Chingerezi amangochimva m'kalasi amafunika pogwira, ndipo "firstly", "secondly", "in conclusion" amamuthandiza kusanja mfundo zomwe zikanangomwazikana. Ali ndi mfundo, makamaka tikaganizira kuti pa gawo lachiwiri la kulemba pa IELTS munthu amayenera kulemba mawu osachepera 250 m'mphindi pafupifupi 40, ndipo wopanda chimango amasochera. Ena amati ndandanda zimabala zolemba zouma, zomwe chiganizo chilichonse chimayamba ndi liwu lalikulu pomwe maganizo ake sakugwirana. Nawonso sakunama, pakuti ndondomeko yochongera ija imapereka malikisi apamwamba kwa wolemba amene kulumikiza kwake sikuonekera n'komwe, wowerenga amangoyenda osapunthwa.

Chomwe mbali zonse zimavomereza n'chakuti mawu olumikiza sangapange ubale pomwe palibe. Taonani ndime iyi, ya mtundu womwe ochonga amakumana nawo kawirikawiri:

"Firstly, many people cut down trees. Moreover, charcoal is sold in town. Furthermore, electricity is expensive. Consequently, trees are important."

Chiganizo chilichonse chili ndi indiketa yake, koma galimoto sikupita kulikonse. "Moreover" ndi "furthermore" akungounjika mfundo ngati matumba, pomwe mfundozo zili ndi ubale wa chifukwa ndi zotsatira womwe wolemba sanauone. "Consequently" akulonjeza zotsatira, koma kufunika kwa mitengo sikuchokera pa kukwera mtengo kwa magetsi.

Palinso njira zina zolumikizira zomwe ndandanda sizitchula. M'Chichewa tikati "mnyamatayo" kapena "mitengoyi", kachidutswa ka kumapeto kamabweza wowerenga ku zomwe tatchula kale, ndipo agwirizanitsi monga a-, chi- ndi zi- amasonyeza yemwe tikumunena popanda kubwereza dzina. Chingerezi chimachita zofananazo ndi "the", "this", "these" ndi alowam'malo monga "it" ndi "they". Njira yamphamvu kwambiri ndi kutenga ganizo lonse la chiganizo chapitacho n'kulimanga m'mawu awiri koyambirira kwa chotsatira: "this demand", "this problem", "such a change". Ndi mmenenso timachitira tikati "vuto limeneli" kapena "zimenezi".

Tsono ndime ija tiilembenso, titayamba tadzifunsa m'Chichewa kuti chikuyambitsa chinzake n'chiyani. Magetsi ndi odula, ndiye anthu a m'tauni amaphikira makala. Kufunika kwa makalako n'komwe kumapangitsa anthu a kumudzi kudula mitengo. Mitengo ikatha, nthaka imakokoloka.

"Because electricity is expensive, many families in town cook with charcoal. This demand gives villagers a reason to cut down trees, and once the trees are gone, the rain washes the soil away."

Mawu olumikiza atsala atatu okha, "because", "and" ndi "once", onse aafupi, ndipo "this demand" wagwira ntchito yomwe "moreover" analephera. Mfundo zake ndi zomwe zija, kupatula yomaliza, yomwe inayenera kusintha wolemba atangodzifunsa kuti kudula mitengoko kumabala chiyani.